Imalira Bwino M'mawa, Ikatentha Imakana: Kusaka Vutoli pa V8 Yakale

Munali mu July, dzuwa la ku Texas likuswa mtengo, pamene pikiapu yanga ya Chevrolet C10 ya 1971 inandikanira pamalo omwetsera mafuta kunja kwa mzinda wa Dallas. Ndinali nditayenda nayo makilomita pafupifupi 40 popanda chodandaulitsa. Ndinazimitsa, n'kumwetsa petulo, n'kulowa m'sitolo kukagula madzi akumwa. Nditabwerako patatha mphindi khumi ndinapotokola kiyi, sitata n'kuzunguza injini mpaka batire linayamba kufooka, koma kulira ayi. Pansi pa boneti fungo la petulo linali guu. Ndinakakhala pamthunzi kwa mphindi 40, ndipo nditayesanso inalira kamodzin'kamodzi ngati palibe chinachitika.

Aliyense wosunga galimoto zakale za ku America zokhala ndi kabuleta, kaya ndi Camaro, Chevelle, Mustang, Charger kapena F-100, tsiku lina adzakumana nazo zimenezi. Ine chilimwe chimenecho ndinagula batire, koyilo ndi pampu ya petulo, zitatu zonsezi zisanawonongeke n'komwe, ndipo ndalama zake zimandiwawabe. Chomwe ndinkalakwitsa n'chakuti ndinkafufuza vutolo Loweruka m'mawa m'galaja, injini ili zii. Pa nthawi imeneyo galimoto imakhala ilibe matenda. Matendawa amayamba pakapita mphindi zisanu kapena khumi chizimitsireni injini, ndipo pakatha theka la ola kapena ola amachoka okha. Mukapanda kuwagwira mkati mwa nthawi imeneyi, muzingogula zipangizo mwachimbulimbuli.

Kutentha kumakwera mukazimitsa

Injini ikamayenda, pampu ya madzi imazunguza madzi, fani imakoka mphepo, ndipo petulo wozizira wochokera m'thanki amadutsa m'mapaipi ndi m'kabuleta n'kumachotsamo kutentha. Mukangozimitsa, zonsezi zimaima nthawi imodzi pamene chitsulo chikadali moto. Injini ya 350, V8 ya masilinda asanu ndi atatu imene Chevrolet anayamba kuika mu Camaro mu 1967, ndi chitsulo cholemera makilogalamu oposa 200, ndipo kutentha konse kumene chasunga kumakwera m'mwamba n'kutsekerezedwa ndi boneti. N'chifukwa chake geji ya kutentha kwa injini imakwera mukazimitsa m'malo motsika. Amakaniko a kuno amakutcha heat soak. Kabuleta yakhala pamwamba penipeni ngati mphika pa mafuwa, sitata ili pansi moyandikana ndi ekizozi, ndipo disitibyuta ya Chevrolet ili kumbuyo kwenikweni kumene mphepo siifika.

Gawo lalikulu la kutenthaku timaliwonjezera tokha pokonza galimotozi. Timachotsa manifold a ekizozi okhuthala aja n'kuikapo headers, amene mapaipi ake ndi opyapyala ndipo amalavula kutentha kwambiri. Timalata totchinga kutentha timatitaya poona kuti tachita dzimbiri. Paipi yobwezera petulo kuthanki timaitseka chifukwa pampu yatsopano ilibe polumikiza pake. Paipi ya petulo timaidutsitsa pamwamba pa injini chifukwa ikuoneka bwino pamenepo. Pikiapu yanga ndinaichita zinthu zitatu mwa zinayizi.

Palinso nkhani ya petulo weniweniyo. Petulo ndi msakanizo wa zinthu zambiri zowira pa madigiri osiyanasiyana, ndipo zopepuka kwambiri zimayamba kusanduka nthunzi kutentha kusanafike n'komwe madigiri 40. Ethanol payekha amawira pa madigiri 78, koma akasakanizidwa ndi petulo amachititsa kuti msakanizowo uzisanduka nthunzi msanga kuposa petulo wosasakaniza. Ku America pafupifupi petulo yense wa pa pampu ali ndi ethanol wokwana magawo 10 pa 100. Galimoto zamakono sizimva kanthu chifukwa pampu yake ili m'thanki ndipo imakankha mafuta pa pulesha ya 40 mpaka 60 psi, imene salola kuti awire. Koma mbale ya kabuleta ndi yotseguka kumpweya, petulo amangokhalamo ngati madzi m'poto. Amene muli ku Malawi zimenezi zikukukhudzani, pakuti dziko lathu lakhala likusakaniza ethanol m'petulo kuyambira 1982 pamene fakitale ya ku Dwangwa inayamba ntchito, ndipo ku Zimbabwe nakonso amasakaniza. Amene muli ku Johannesburg ndi Fairmont GT kapena F-100 muli pamalo okwera mamita oposa 1,700, kumene chilichonse chimawira msanga.

Itanani matendawo dala, muli pakhomo

Konzekerani multimeter (kachipangizo koyezera magetsi), kachipangizo koyesera moto wa mapulagi, tochi, chozimitsira moto cha petulo, ndi munthu wina wopotokola kiyi. Ngati muli ndi thermometer yoloza patali ija, ikhale pafupi. Yendetsani galimoto kwa theka la ola masana, mubwerere pakhomo, muzimitse panja osati m'galaja. Boneti musatsegule, chifukwa mukatsegula mwatulutsa kutentha kumene mukufuna kuti kukuonetseni vuto. Dikirani mphindi khumi kapena khumi ndi zisanu.

Tsopano tsegulani boneti, kiyi musanamukhudze, n'kuchotsa chivundikiro cha fyuluta ya mpweya. Choyamba onani choke, kachitseko ka pakamwa pa kabuleta kamene kamachepetsa mpweya injini ikakhala yozizira. Injini yotentha imafuna choke yoima chilili, yotseguka yonse, ndipo ngati yapendekeka mwina mwapeza kale chimene mukufuna. Kenako tcherani khutu pa kabuleta, n'kuunika m'kati mwake ndi tochi. Mukatha kuyang'ana, chokani pamwamba pa kabuletayo mnzanu asanapotokole kiyi. Injini ikalavula moto kudzera m'kabuleta, nkhope imene ili pamenepo imapsa, ndipo chimenechi si chinthu choyesera mwayi.

Mnzanu akapotokola kiyi, mverani sitata. Ngati ikuzunguza injini mwamphamvu ngati m'mawa, vuto lili ku mafuta kapena ku moto wa mapulagi. Ngati ikukoka movutikira, kapena yangomveka kuti kha n'kukhala chete, vuto lili ku magetsi a sitata kapena ku timing, nthawi imene moto umayakira m'masilinda. Zipangizo zimene mungagule pa mbali ziwirizi n'zosiyana kotheratu.

Ikuzungulira bwino, koma kukununkha petulo

Apa ndi pamene ambiri tili. Pa pikiapu yanga, nditatchera khutu ndinamva kabuleta ikubwata pansipansi ngati phala likamapsa. Nditaunika ndinaona timadontho ta petulo tikugwa kuchokera pa timilomo ta m'khosi mwa kabuleta, tikagwera pa chitsulo chotentha n'kusanduka kautsi koyera kamene kankakwera pang'onopang'ono. Kamtengo kachitsulo kotsegula mageti a kabuleta kanali konyowa mbali zonse ziwiri. Injini inali itazimitsidwa kwa mphindi khumi, koma inali ikumwabe petulo.

Zimachitika motere. Petulo wotsala pakati pa pampu ndi kabuleta alibe kolowera, ndiye akatenthedwa amafufuma, pulesha n'kukwera mpaka kukankha kasingano kotseka mafuta. Wa m'mbale nayenso amawira n'kusefukira m'khosi. Yenseyo amagwera mu manifold ya pansi pa kabuleta, imene imagawira masilinda mpweya ndi petulo. Pofika nthawi yoti mulize, injini yatsamwa ndi mafuta pamene mbale ya kabuleta yatsala pang'ono kuuma. N'chifukwa chake galimoto yotere imati ikalira patapita nthawi, imatulutsa utsi wakuda, kenako n'kumatsokomola kwa kanthawi pamene pampu ikudzazanso mbale.

Njira yotsimikizira ndi yomwenso ingakuchotseni pamsewu tsiku limene mwakanirira. Pondani moto mpaka pansi pang'onopang'ono, phazi likhale pomwepo, n'kupotokola kiyi kwa masekondi khumi. Musapope. Nthawi iliyonse imene mwapopa, kapampu ka m'kabuleta kamathiramo petulo wina pamwamba pa amene wachuluka kale. Ikakana, pumitsani sitata kwa theka la mphindi n'kuyesanso, phazi lili pansi. Ikalira ndi utsi wakuda, mwadziwa matenda anu.

Pokonza, yambani ndi chinthu chosalira ndalama chimene anthu ambiri sachidziwa n'komwe, heat riser. Ndi kachitseko kamene kali pakati pa manifold ya ekizozi ndi paipi yake, kawirikawiri mbali ya kudzanja lamanja mukakhala m'galimoto, ndipo kunja kwake kuli kachitsulo kolemera ndi sipuling'i yopindika. Injini ikakhala yozizira kamatseka, utsi wotentha n'kudzera m'kanjira ka pansi pa kabuleta kuti injini itenthe msanga m'nyengo yachisanu. Ikatentha kamayenera kutseguka. Pa galimoto ya zaka 50 kachitsekoka kamauma ndi dzimbiri, ndipo kakauma kali kotseka ndiye kuti utsi wa masilinda anayi ukuotcha pansi pa kabuleta ulendo wonse. Injini itazizira, gwedezani kachitsulo kolemerako ndi dzanja. Kayenera kuyenda mosavuta n'kubwerera kokha. Kanga kanali gwa, ndipo penti ya pa manifold mbali zonse ziwiri za kabuleta inali itapsa n'kusanduka yotuwa, chizindikiro chimene ndinakhala ndikuchiona osachimvetsa. Kathireni mafuta omasula dzimbiri n'kukagogoda pang'onopang'ono, ndipo kakakanika kachotseni. Kumadera otentha ambiri amatsekeratu kanjira ka pansi pa kabuletako ndi magasiketi okhala ndi timalata, ndipo ine ndikugwirizana nazo, koma pali zinthu ziwiri zoti musamale. Musatseke kanjirako pamene heat riser ikadali youma chotseka, chifukwa utsi usowa kotulukira. Komanso kabuleta za Quadrajet zambiri za nthawi imeneyo choke yake imatsegulidwa ndi kutentha kwa kanjira komweko, choncho mukakatseka muyenera kuika choke ya magetsi.

Chachiwiri n'kulekanitsa kabuleta ndi manifold. Pakati pake ikani spacer ya phenolic (pulasitiki yolimba yosadutsitsa kutentha) kapena yathabwa yokhuthala theka la inchi, amene ndi mamilimita pafupifupi 13. Ya aluminiyamu musagule pa ntchito imeneyi ngakhale ikunyezimira bwanji, chifukwa aluminiyamu amadutsitsa kutentha, ndipo n'chifukwa chomwecho kabuleta za Edelbrock, zimene thupi lake lonse ndi aluminiyamu, zimavutika kwambiri ndi matendawa zikakhala pa gasiketi yopyapyala. Quadrajet, imene Rochester anatulutsa mu 1965, ili ndi mabowo awiri aang'ono kutsogolo ndi awiri aakulu kumbuyo, ndiye imafuna spacer ya maonekedwe omwewo. Musanatseke boneti, umbani kampira ka dothi lonyowa n'kukaika pamwamba pa fyuluta ya mpweya, mutseke pang'onopang'ono, n'kuona mmene kaphwanyikira. Pa pikiapu malo ndi ambiri, koma pa Camaro kapena Mustang theka la inchi likhoza kukutuzulirani boneti. Onaninso kuti waya wochokera ku chopondera moto ukutsegula kabuleta yonse komanso ukubwerera bwino, ndipo manati anayi aja musamange mwankhanza, thupi la kabuleta limapindika.

Chachitatu ndi pulesha ya mafuta ndi float, kachinthu koyandama m'mbale ya kabuleta kamene kamakankha kasingano kotseka mafuta kaja. Edelbrock safuna pulesha yoposa 6.5 psi ndipo imakhala bwino cha pa 5.5, pamene kabuleta ya Holley imapirira mpaka cha pa 7. Pampu zina zatsopano zimakankha kuposa pamenepo, ndiye yesani, ndipo ngati yapyola ikani regulator. Chenjerani ndi timageji tokhala ndi madzimadzi m'kati timene anthu amakonda kusiya pa injini, chifukwa tikatentha timaonetsa nambala yotsika kuposa yeniyeni. Float ya Edelbrock imachunidwa pa 7/16 ya inchi, pamene pa Holley petulo ayenera kufika m'munsi mwa kabowo koonera ka m'mbali. Float ya mkuwa igwedezeni pafupi ndi khutu, ndipo mukamva madzi m'kati ndiye kuti yabooka. Yakuda ya Quadrajet imamwa petulo ikakalamba n'kulemera, ndipo ine ndimangoisintha nthawi iliyonse imene ndatsegula kabuleta.

Koma mankhwala amene ndimawakhulupirira kuposa onse ndi paipi yobwezera petulo kuthanki. Si nzeru yatsopano. General Motors ankaika pampu ya milomo itatu pa galimoto zambiri zokhala ndi makina oziziritsira m'kati, ndipo Chrysler ankaika cholekanitsa nthunzi pa injini zawo zazikulu zamphamvu. Njira yosavuta lero ndi fyuluta yachitsulo ya milomo itatu, yoikidwa pafupi ndi kabuleta, kamlomo kachitatuko kali pamwamba. Kabowo kake ndi kakang'ono kwambiri moti sikalanda kabuleta mafuta, koma kamalola petulo kuti azizungulira nthawi zonse n'kumabwera wozizira, ndipo mukazimitsa pulesha yonse imathawira kuthanki m'malo mokankha kasingano. Ntchito yake ndi yotopetsa chifukwa pamafunika kudutsitsa paipi ya kotala inchi mpaka kuthanki, koma musanayambe lowani pansi muyang'ane, mwina yakale ikadalipo, winawake anangoitseka ndi bawuti.

Ngati galimoto yanu imavuta ikakhala masiku awiri kapena atatu osayenda, osati ikatentha, imeneyo ndi nkhani ina. Pa Quadrajet zakale timapulagi ta pansi pa mbale timadontha, petulo n'kuthera mu manifold.

Ikuzungulira bwino, koma kabuleta yauma

Ngati palibe fungo ndipo m'khosi ndi mouma, kokani waya wa chopondera moto ndi dzanja kamodzi, injini ili yozimitsa, mukuyang'ana m'kabuleta. Muyenera kuona timizere tiwiri ta petulo tikufwamphuka. Tikapanda kuoneka ndiye kuti mafuta sakufika, ndipo kawirikawiri amakhala atawira asanafike pa pampu. Pampu ya pa injini imayamwa petulo kuchokera kutali, kuyamwako kumatsitsa pulesha m'paipi, ndipo petulo amawira msanga. Pampu imeneyi imatha kukoka madzimadzi koma nthunzi imailephera. Galimoto ya vuto limeneli, lotchedwa vapor lock, imazimanso yokha pa mzere wa magalimoto kapena pokwera mtunda, chimene ya kabuleta yosefukira siichita kawirikawiri.

Thirani madzi ozizira pa pampu n'kukulunga nsanza yonyowa pa paipi, mosamala kuti madzi asagwere pa manifold yotentha chifukwa ikhoza kung'aluka. Ikalira pakapita mphindi zochepa, mwatsimikiza. Tsatirani paipi yonse kuchokera kuthanki, muone pamene yayandikira ekizozi kapena yagunda injini, muisunthe kapena muiveke chotchinga kutentha. Tizidutswa ta paipi ya labala timene tili pafupi ndi thanki tikang'aluka timayamwa mpweya osadontha n'komwe, ndiye tisintheni ndi paipi yolembedwa SAE J30R9, imene imapirira ethanol. Tsegulani chitsekero cha thanki mutangoyenda ulendo, ndipo mukamva mpweya ukuyamwidwa mwamphamvu ndiye kuti popumira thanki patsekeka. Kasefa ka m'thanki nakonso kamatsekeka ndi dzimbiri.

Pampu ya magetsi imathandiza ngati mwaiika pafupi ndi thanki, m'munsi, kuti izikankha. Koma iyenera kukhala ndi switch yoizimitsa injini ikaima kapena pakachitika ngozi. Ndipo ngati muli ndi kafyuluta kagalasi kaja pafupi ndi kabuleta, kachotseni lero. Kamamasuka, kamasweka, ndipo petulo wake amagwera pa injini yotentha.

Sitata ikukoka movutikira kapena yangogogoda

Nditathana ndi kabuleta, pikiapu yanga inandionetsa matenda achiwiri amene ankabisala kumbuyo kwa oyambawo. Tsiku lina ndinapotokola kiyi, ndinangomva kha, basi.

Mawaya a kopa akatentha magetsi amavutika kudutsamo, pamenenso injini yotentha imalimba kuzunguza. Pa Chevrolet vutoli limakula chifukwa solenoid, switch yaikulu yotumiza magetsi a batire ku sitata, yakhala pa sitata penipeni, pafupi ndi ekizozi, ndipo headers akadutsa pamenepo imapsa. Ford anaika yawo pa lata la m'mbali pafupi ndi batire, kutali ndi moto. Komanso magetsi okadzutsa solenoid ya Chevrolet amayenda ulendo wautali: kuchokera ku batire, kudutsa cholumikizira cha pa khoma la injini, kupita ku switch ya kiyi, kudzera pa switch yoletsa kuliza galimoto ili m'giya, n'kubwerera pa waya wa pepo mpaka pa kabawuti kolembedwa S. Polumikiza paliponse pamatayika pang'ono. Solenoid yozizira imadzuka ndi zotsalazo, yotentha imakana.

Apa multimeter ndiyo ikuuzeni zoona, ndipo muyese galimoto ikadali yotentha. Batire labwino limaonetsa 12.6V litapuma, ndipo pamene sitata ikuzungulira lisatsike kupyola 9.6V. Kenako ikani nsonga imodzi pa mutu wa batire wa positive, ina pa bawuti yaikulu ya sitata, mnzanu apotokole kiyi. Nambala imene ikuonekayo ndi magetsi otayika panjira, ndipo isapyole theka la volt. Chitani chimodzimodzi kuchokera pa mutu wa negative kupita pa thupi la sitata, ndipo kumeneku ikhale yochepera pamenepo, cha pa 0.2 kapena 0.3. Pomaliza yesani pa kabawuti ka S kiyi ali popotokola. Ngati pakufika magetsi ochepa ndi volt imodzi kapena kuposerapo poyerekeza ndi a batire, vuto lili pa ulendo wa waya wa pepo uja.

Kwa ine vuto linapezeka ku ethi, ndipo ndikukhulupirira kuti ambiri okonza galimoto pakhomo ali m'dzenje lomweli. Ndinali nditapenta injini bwinobwino, mabulaketi onse, ngakhale pamene pamakhala sitata. Waya wa ethi ndinaumanga pa bulaketi ya alternator, pamwamba pa penti, ndipo multimeter inaonetsa kuti panjira imeneyo pakutayika volt yoposa imodzi. Ndinapala penti mpaka chitsulo chinawala, n'kumanga waya wokhuthala pa injini penipeni, n'kuwonjeza malamba a ethi kuchokera ku injini kupita ku chassis ndi ku bodi. Sitata yomweyo, imene ndinatsala pang'ono kuitaya, inayamba kuzungulira ngati yatsopano.

Mawaya akakhala bwino koma vuto likadalipo, ikani kalata kotchinga kutentha pakati pa sitata ndi ekizozi, komanso relay (switch yotsegulidwa ndi magetsi ochepa) yoti waya wa pepo azingoidzutsa, iyo n'kutumiza magetsi athunthu kuchokera ku batire kupita pa S. Ena amaika solenoid ya Ford pa Chevrolet n'kulumikiza bawuti yaikulu ya sitata ndi S. Zimagwira ntchito pa sitata zakale zazikulu, koma pa zing'onozing'ono za maginito zimachititsa kuti sitata ichedwe kusiya injini italira kale, choncho kumeneko relay ndiyo yabwino. Sitata yaing'ono ya magiya ndi yamphamvu ndipo imatalikirana ndi headers, koma ngati galimoto yanu ikadali ya mapointi (tizitsulo ta m'disitibyuta yakale todula magetsi a koyilo), onani ngati sitatayo ili ndi kabawuti ka R. Kameneka ndi kamene kamapatsa koyilo magetsi athunthu pa nthawi yoliza, ndipo kakasowa mwachotsa vuto limodzi n'kubweretsa lina.

Pali kamvekedwe kena kosiyana ndi kufooka wamba. Sitata imazungulira, n'kuima mwadzidzidzi ngati yagunda khoma, n'kupitiriza, n'kuimanso. Imeneyo kawirikawiri ndi timing yopita patsogolo kwambiri, moto ukuyaka pisitoni isanafike pamwamba n'kumaikankhira m'mbuyo. Kuyesa kwake n'kosavuta: chotsani waya wopatsa magetsi ku koyilo, kapena wolembedwa BAT pa HEI (disitibyuta ya General Motors yopanda mapointi), n'kupotokola kiyi. Ikazungulira mosadodoma, sitata ilibe mlandu. Small-block zambiri, ndiye kuti V8 za Chevrolet za gulu la 350, zimakhala bwino pa madigiri 10 mpaka 12 poyambira ndi 34 mpaka 36 zonse pamodzi. Tsegulani disitibyuta muone ngati tizitsulo tolemera ta pansi pa rotor tikubwerera tokha, chifukwa tikauma timasiya timing ili patsogolo. Musaiwalenso kuti mkombero wakunja wa harmonic balancer yakale, gudumu lolemera la kutsogolo kwa injini, umaterereka pa labala wake, chizindikiro cha timing n'kumanama.

Ikamakokabe movutikira magetsi a koyilo atachotsedwa ndiponso mawaya ali bwino, lekani kupotokola kiyi. Chotsani mapulagi onse muone ngati m'silinda ina mulibe madzi kapena petulo, n'kuzunguza injini ndi sipana pa bawuti ya kutsogolo.

Mafuta alipo, sitata ili bwino, moto palibe

Lumikizani kachipangizo koyesera moto pa waya wa pulagi imodzi. Pa HEI musayese pongozula waya n'kuusiya m'malere, mukhoza kuotcha koyilo kapena module, kachipangizo ka m'disitibyuta kogwira ntchito ya mapointi. Moto ukasowa injini ili yotentha n'kubwerera ikazizira, pa HEI yambani ndi module. General Motors anayamba kuika HEI pa galimoto zina mu 1974 n'kufalikira pa zonse mu 1975, ndipo ambiri timaiika pa galimoto za zaka za m'mbuyo mwake. Module yake imataya kutentha kudzera pansi pake, ndiye imafunika phala loyera lodutsitsa kutentha lija, lofanana ndi la pa purosesa ya kompyuta. Ikamangidwa youma siikhalitsa. Timawaya tiwiri ta pickup coil (kakoyilo ka m'disitibyuta kodziwitsa module nthawi yoyatsa moto), kobiriwira ndi koyera, timathyokera m'kati mwa chikopa chake chifukwa chogwedezeka nthawi zonse, ndiye tiyeseni ndi multimeter mukutigwedeza. Payenera kuoneka pakati pa 500 ndi 1,500 ohms, nambala osadumphadumpha.

Cholakwika china chofala n'kulumikiza HEI pa waya wakale wa mapointi. Waya ameneyo anapangidwa dala kuti azichepetsa magetsi, pamene HEI imafuna 12V yathunthu, kiyi ali pa malo oyendera komanso pa malo olizira. Pa galimoto ya mapointi zimatembenuka: koyilo yofuna resistor ikapatsidwa magetsi athunthu nthawi zonse imatentha mpaka kulephera, mapointi n'kupsa. Condenser yotopa nayonso imafooka ikatentha, ndipo dwell (madigiri amene disitibyuta imazungulira mapointi ali otseka) ya V8 ya Chevrolet iyenera kukhala cha pa madigiri 30.

Pa zonsezi sinthani chinthu chimodzi, n'kubwereza ulendo wa theka la ola uja ndi kudikira kwake boneti ili yotseka, musanakhudze china. Ndipo ngati kabuleta yanu inapezeka kuti inkasefukira, solani choyezera oilo n'kuchinunkhiza. Petulo yense amene ankagwera mu manifold ankatsuka oilo wa m'makoma a masilinda n'kutsikira pansi. Wanga anali atapyola chizindikiro cha pamwamba, wopyapyala ngati palafini, moti ndinamukhetsa tsiku lomwelo pamodzi ndi kusintha fyuluta, ndipo mapulagi asanu ndi atatu onse ndinawapeza ali bii ndi mwaye.